Khadi la Azakhali a ku Chelstone

Ku Kabwata, kuseri kwa msika, kuli kashopu kosindikiza mapepala ka Ba Musonda. Ukalowa umayamba waona makina a fotokope, kenako mulu wa makalendala a chaka chatha amene palibe anawagula, ndipo ukasuzumira kuseri kwa muluwo umapeza dazi la Ba Amock Miti likung'anima pansi pa getsi. Pamenepo ndiye pa ofesi pawo. Tebulo lake ndi laling'ono moti akaikapo kapu ya tiyi, magalasi amawaika m'thumba.

Ba Miti anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu m'chipinda chosungiramo mafayilo, mu ofesi ina ku Longacres. Kompyuta yoyamba itafika mu ofesimo, anzawo ankaidutsa chapatali ngati galu wa eni. Iwo anakokera mpando pafupi. Atapuma pa ntchito, anzawo aja anagula minda ku Chongwe n'kuyamba kuweta nkhuku, koma Ba Miti anagula laputopu yogwirapo kale ntchito ndi buku lokhuthala ngati njerwa, n'kudziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Mpaka lero amabwera ku Kabwata atamanga tayi, ngakhale mu Okutobala pamene phula limasungunuka mumsewu.

Mapulogalamu awo si a pafoni kapena a pa intaneti. Ndi timapulogalamu tokhala pakompyuta ya patebulo, togwira ntchito zimene anthu amanyong'onyeka nazo. Kena kamasintha mayina a zithunzi mazanamazana nthawi imodzi. Kena kamasonkhanitsa mafayilo amene aphunzitsi a sukulu ina ku Chilenje amamwaza paliponse. Akamafotokoza ntchito yawo amalankhula ngati akadali ku Longacres. Pulogalamu ikatuma pulogalamu inzake kuti ikagwire ntchito, iwo amati yatuma mesenjala. "Ndipo mesenjala sumangomutuma n'kuiwala," amatero chala chili m'mwamba. "Umamudikira abwere, anene ngati wafika."

Koma mwana wawo wapamtima ndi pulogalamu imene anaipatsa dzina loti Kalaliki. Ukaipatsa mndandanda wa mayina, imawasanja, n'kusindikiza dzina lililonse pakhadi lake ndi pa envelopu yake. Makhadi a maukwati ambiri a ku Kabwata ndi ku Libala anadutsa m'manja mwa Kalaliki. Munthu akafunsa ngati sipakhala cholakwika, Ba Miti amavula magalasi n'kumuyang'ana mwachisoni.

"Kalaliki sanama, satopa, ndipo sapita ku maliro Lolemba lililonse."

Tsono chaka chino ukwati unali wa m'nyumba mwawo momwe. Mwana wawo wamkazi, Abby, ankakwatiwa. Akazi awo, Amai Helen, analemba mayina a oitanidwa, Abby anawonjezera a anzake ndi a asuweni ake, ndipo Ba Miti anatha sabata yathunthu akukonzanso Kalaliki kuti pa ukwati wa mwana wawo agwire ntchito imene sanagwirepo. Makhadi anatuluka okongola, amtundu wa golide m'mbali, ndipo anagawidwa ku tchalitchi ndi m'makomo.

Lolemba masana, kutatsala masiku asanu, Amai Helen analowa mushopu osapereka moni ngakhale kwa Ba Musonda. Anazungulira mulu wa makalendala n'kuima pamutu pa amuna awo.

"Atate ake Abby, azakhali alibe khadi."

"Azakhali ati?"

"Muli nawo angati ku Chelstone?"

Ba Miti anaika kapu pansi. Ku Chelstone kunali azakhali amodzi okha, Amai Bethany Njobvu, mlongo wa atate ake a Helen. Ndiwo analera Helen kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi ake atamwalira ku Katete. Ndiwo anatsogolera amayi onyamula zakudya kupita kuchimuna mwezi wathawu, pa mwambo wa chilanga mulilo cha Abby. Tsiku la ukwati ankalidziwa kuposa wina aliyense, pakuti analisankha nawo. Koma mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, amene amangodziwana ndi banjali ku Chigwirizano cha amayi, anawaonetsa khadi lake Loweruka lapitalo, n'kufunsa ngati lawo nalonso linali ndi golide m'mbali.

"Akuti wosaitanidwa sapita," anatero Amai Helen. "Ndipo akapanda kubwera iwo, a Njobvu onse sabwera. Mbali yanga idzakhala mipando yokhayokha. Abby wakhala akulira chiyambire m'mawa."

"Khadi linatayika panjira. Anthu ogawa aja..."

"Ndinagawa ndine a ku Chelstone. Munalibe."

Ba Musonda, amene ndi Mubemba ndipo salola mwayi woseka anthu a kum'mawa kuwadutsa, anasiya makina akulira okha n'kubwera kudzatsamira pa makalendala.

"Shani, Ba Miti? Kalaliki wadya dzina ya apongozi? Imwe a kum'mawa, mbeba zikasila mu munda muyamba kudya na maina."

"Inu pitani mukasamale anyani anu aja mumadya kwanu," anayankha Ba Miti, koma mawuwo anatuluka opanda mchere. Anali atatsegula kale laputopu.

Anayamba ndi mesenjala, chifukwa ku Longacres chinthu chikasowa woyamba kufunsidwa ankakhala mesenjala. Kalaliki sasindikiza yekha. Amatuma kapulogalamu kena kamene kamalankhula ndi pulinta, ndipo kapulogalamu kameneka nthawi zina kamafera panjira magetsi akaphethira. Koma Kalaliki amalemba zonse zimene wachita mufayilo ina, ngati buku la pakhomo la alonda. Ba Miti anatsegula fayiloyo n'kutsetsereka nayo ndi chala. Mesenjala anapatsidwa makhadi 214, anasindikiza 214, anabwera n'kunena kuti wafika. Analibe mlandu.

"Ndiye kuti dzina silinalembedwe," anatero, mtima ukuyamba kubwerera m'malo. "Fayilo yanu ija inu ndi Abby..."

"Tsegulani."

Anatsegula. Dzina linali pomwepo, lachitatu kuchokera pamwamba: Amai Bethany Njobvu. Anayang'ana pansi pa fayiloyo pomwe pamaoneka kuchuluka kwa mizere. Inali 220. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Inali 220 ndithu. Anthu asanu ndi mmodzi analowa mwa Kalaliki ndipo sanatulukemo.

Analemba dzina loti Bethany pofufuzira. Linapezeka kawiri. Kachiwiri linali kumunsi kwenikweni, pakati pa mayina amene analemba Abby: Bethany Njobvu, wopanda china kutsogolo. Ameneyo ndi msuweni wa Abby, namwino wa zaka makumi awiri ndi zinayi wokhala ku Woodlands, amene anapatsidwa dzina la azakhali aja tsiku limene anabadwa.

Pamenepo Ba Miti anaona pomwe panalakwika, ndipo Ba Musonda anabwerera okha ku makina awo.

Zimene zinachitika ndi izi. Sabata ija yokonza Kalaliki, atayesa kusanja mndandanda koyamba, anapeza theka la anthu launjikana pa A ndi pa B: Amai uje, Abambo uje, Agogo uje, Ba uje. Munthu amene wasunga mafayilo zaka makumi awiri ndi zitatu sangaone zotere n'kudya bwino. Analemba mizere ingapo yoti Kalaliki azichotsa mawu onse aulemu kutsogolo kwa dzina, pamodzi ndi mipata yosafunika, kuti munthu aliyense asanjidwe pa dzina lake lenileni. Palibe anazindikira, chifukwa pakhadi panali kale mawu oti "Kwa olemekezeka" asanafike malo a dzina.

Chachiwiri chinali chosungiramo mayina. Mkati mwa pulogalamu, zinthu zimasungidwa m'njira zosiyanasiyana. Njira ina ili ngati mzere wa ku chipatala: aliyense wabwera amaima pambuyo pa mnzake, ngakhale akhale ndi dzina lofanana. Njira ina ili ngati timabokosi ta makalata ta mu ofesi: dzina lililonse lili ndi kabokosi kamodzi basi, ndipo ukaikamo chatsopano, chakale chimatayidwa. Kalaliki ankagwiritsa ntchito mzere kuyambira kale. Koma chaka chatha mayi wina analembedwa kawiri pa mndandanda wa ukwati wa ku Libala, analandira makhadi awiri, n'kubwera ndi mnzake amene anavina kuposa eni ukwati. Ba Miti analumbira kuti sizidzachitikanso, ndipo pa ukwati wa mwana wawo anasintha mzere uja kukhala timabokosi.

Amai Helen analemba mndandanda monga mmene munthu wolera bwino amalembera: akuluakulu poyamba. Abby anawonjezera achinyamata pambuyo. Ndipo kwa a Njobvu mwana sabadwa n'kupatsidwa dzina la m'buku kapena la pa wailesi. Amapatsidwa la agogo, la azakhali, la atsibweni. Chimene chimasiyanitsa mwini dzina ndi wopatsidwa ndi kamawu kaja ka kutsogolo, ndipo aliyense wa m'banjamo amamva popanda kufunsa. Kalaliki anavula akuluakulu onse ulemu wawo, n'kuwaika m'timabokosi, kenako ana anafika n'kuwakankhira kunja mmodzimmodzi. Onse asanu ndi mmodzi osowawo anali a imvi.

"Ndiye walakwa ndani?" anafunsa Amai Helen, atamva zonse manja ali m'chiuno.

"Kalaliki anachita zimene anauzidwa."

"Anamuuza ndani?"

Ba Miti anayang'ana kapu yawo ya tiyi, imene inali itazizira.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale ola. Anabwezeretsa mzere. Analamula kuti dzina lizisungidwa lathunthu monga analilembera mwini mndandanda, ndipo lovulidwa ulemu lija lizingogwira ntchito yosanjira, osafika pakhadi. Anawonjezeranso kuti mayina awiri akafanana, Kalaliki asaweruze yekha, koma aime n'kufunsa munthu. Anayesa ndi mndandanda womwewo. Kalaliki anaima kasanu ndi kamodzi, ndipo mesenjala anabwera ndi makhadi asanu ndi limodzi, otentha ngati mabanzi.

"Zatha," anatero. "Muwapatsire madzulo ano."

"Ine? Mupita nokha. Ndi miyendo yanu."

Lachiwiri m'mawa anakwera basi ya m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Chelstone, laputopu ili pamiyendo, makhadi ali m'thumba la jekete, ndi chitenje chatsopano chimene Amai Helen anagula ku Kamwala chili m'pepala. Njira yonse ankakonza mawu. Anaganiza zoyamba ndi magetsi ozimazima, kenako anakumbukira kuti azakhali sanamizika.

Anawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo maso awo saona bwino patali koma pafupi saphonya kamwala. Ba Miti anaomba m'manja ali pa geti, anagwada pang'ono, n'kupatsidwa kampando kotsika kwambiri moti maondo anafika pachifuwa.

"Kodi ndi a Miti? Mwasochera?"

"Iyayi amayi, ndabwera ndi mlandu."

"Wa yani?"

"Wanga."

Azakhali anataya kamwala m'maluwa. "Nenani timve."

Anafotokoza zonse, za mzere ndi za timabokosi. Azakhali sanasiye kusankha nyemba, koma anamva bwino kuposa aphunzitsi a ku Chilenje.

"Ndiye mukuti m'kabokosimo ndinayamba kulowa ndine?"

"Inde amayi."

"Mwana atabwera, makina anu anatulutsa ine n'kusiya mwana."

"Ndi momwemo."

"Ndili moyo."

Azakhali anapeta nyemba m'lichero n'kupitiriza.

"Dzina lija ndinampatsa ndine, a Miti. Ndinamunyamula ndi manja awa ali ndi masiku asanu ndi awiri. Koma ndinangomugawirako, sindinamusiyire. Kusiya dzina munthu amasiya akagona. Inu mwandigoneka ndi makina, popanda ngakhale nyimbo imodzi."

"Pepani amayi. Tsopano ndinakonza. Akapeza mayina ofanana amafunsa."

"Ndione."

Anatsegula laputopu pamaondo, n'kuitembenuzira kwa iwo. Azakhali anaweramira pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Panatuluka mawu akuti: Amai Bethany Njobvu ndi Bethany Njobvu, kodi ndi munthu mmodzi? Pansi pake panali mabatani awiri. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenako anatambasula chala chokhala ndi fumbi la nyemba n'kugunda pagalasi pomwe panalembedwa kuti Ayi. Laputopu yakaleyo simva chala pagalasi, choncho Ba Miti anadina batani mwakabisira kumunsi.

"Ehe," anatero azakhali, ataona funso lachoka. "Kameneka kaphunzira kufunsa tsiku limodzi. Ena afika pa dazi asanaphunzire."

Ba Miti anaona kuti nthawi yakwana. Anatulutsa khadi ndi chitenje, n'kupereka ndi manja awiri. Azakhali analandira chitenje, anachifunyulula, anayesa nsalu yake pakati pa zala, n'kuchiika pambali. Khadi sanalikhudze.

"Enawo ndani?"

Anawatchula: Agogo Phineas Njobvu a ku Woodlands, Amai Judith a ku Kaunda Square, ndi ena atatu.

"Ndikudziwa. Tinaimbirana mafoni Lamulungu tonse. Ndimafuna ndione ngati mubisa." Anabweza lichero pamiyendo. "Tsono mwayambiranji kuno? A Phineas ndi akulu kwa ine ndi zaka zinayi. Ndilandire khadi alongo anga asanalandire? Mukufuna mundilakwitse nanenso?"

"Ndimaganiza kuti poti inu ndi amene..."

"Amene ndalankhula? Olankhula si amene amakhala akulu. Pitani ku Woodlands. Mukachoka kumeneko mupite kwa a Judith, kenako kwa a Jesse ku Mtendere. Ine ndine wachinayi. Mudzandipeza, sindisamuka."

Ba Miti, amene moyo wawo wonse anasanja anthu kuyambira pa A, anatulutsa cholembera n'kulemba kuseri kwa envelopu ndondomeko imene anapatsidwa.

Masiku awiri otsatirawo tebulo la kuseri kwa makalendala linakhala lopanda munthu. Agogo Phineas anawasunga maola atatu akuwafotokozera za njanji imene anagwirako ntchito ali mnyamata, ndipo za khadi anangoti, "Ikani pamenepo." Amai Judith anawaphikira tiyi n'kuwafunsa kawiri ngati makinawo angathenso kufufuta munthu ku penshoni. Ku Mtendere anasochera, n'kuchita kufunsa pa malo ometera tsitsi. Lachinayi m'mawa anafikanso ku Chelstone nsapato zitayera ndi fumbi, tayi ili m'thumba. Ba Musonda atamva zimenezi pambuyo pake anadandaula kuti palibe anawajambula.

Ulendo uno azakhali analandira khadi ndi manja awiri. Analiyandikiza kumaso n'kuwerenga dzina lonse, kuyambira pa Amai mpaka pa Njobvu.

"Ndaona," anatero.

"Ndiye Loweruka, amayi..."

"Ndati ndaona. Fulumirani, kwatsala awiri."

Anamaliza awiriwo Lachinayi lomwelo dzuwa likupendeka. Atafika kunyumba Amai Helen anawafunsa kuti azakhali ati chiyani, ndipo atamva yankho anangopukusa mutu. Abby anafuna kuimba foni, amake anamuletsa. Munthu wamkulu akati waona, sumufunsanso kuti waona chiyani.

Holo ya madyerero inali m'bwalo limodzi ndi tchalitchi, choncho Loweruka makhadi ankaonedwa pa geti m'mawa womwewo. Ntchitoyo anapatsidwa mayi wina wa kuchimuna, wamtali, wovala chipewa chachikulu, amene sankadziwa wa Njobvu ngakhale mmodzi. Anagwira mndandanda wa Kalaliki ngati chikalata cha khoti. Ba Miti anayenera kukhala kunyumba kudikira kuti alowe ndi mwana wawo, koma anazemba n'kudzaima pafupi ndi geti, akunamizira kuona ngati mahema amangidwa bwino.

Anthu a kuchimuna ankalowa m'magulumagulu. Anzake a Abby analowa. Bethany wamng'ono, namwino uja, analowa akuyang'ana pansi ngati wakuba. Mipando ya kumanzere, ya kuchikazi, inali ndi anthu owerengeka. Ba Miti anayang'ana wotchi, anayang'ana msewu, anayang'ananso wotchi.

Kutatsala mphindi makumi awiri kuti ukwati uyambe, basi yaing'ono inaima pa geti. Anayamba kutsika Agogo Phineas ndi ndodo yawo, kenako Amai Judith, kenako a Jesse. Wachinayi anatsika azakhali, atavala chitenje cha ku Kamwala chija. Pambuyo pawo panatsika awiri otsalawo, ndipo basi ina inaima kumbuyo kwake yodzaza ndi a Njobvu, ana ndi zidzukulu, mpaka ena atanyamulana pamiyendo.

Mayi wa chipewa anatambasula dzanja. "Khadi, amama."

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Khadi la chiyani?"

"Ya ukwati, amama. Bonse baonetsa."

"Amake a mkwatibwi ndinalera ine. Ndinamuphunzitsa kumanga chitenje ine. Lero ndionetse pepala kuti ndilowe pa ukwati wa mwana wanga?" Anatembenuka, n'kuwapeza Ba Miti pomwe anaima. "A Miti, tabwerani muwauze awa."

"Khadi lija, amayi, mwaliiwala?" anafunsa Ba Miti motsitsa mawu.

"Lili m'kabati, pamodzi ndi mbale za alendo. Chinthu chokongola chotere ndiyende nacho m'basi?"

Mayi wa chipewa anayang'ana Agogo Phineas. Agogo anagwedeza mutu kuti nawonso alibe. Amai Judith anali atayamba kale kulowa.

Ba Miti anatenga mndandanda m'manja mwa mayi uja, anatulutsa cholembera chawo, n'kuchonga okha mayina asanu ndi limodzi. Kenako anathamangira kunyumba kukatenga mwana wawo.